Mitolo 10 Kapena 11? Kusankha Mtundu Wolamulira pa Maseŵera a Bridge

Inu amene munakwerapo sitima ya Ilala kuchokera pa Nkhata Bay kupita ku Usisya mukudziŵa kuti ulendo wa panyanja umatalika, ndipo sipalephera wina wosolola makhadi m'thumba kuti nthaŵi ipite. Maseŵera amene tikambe lero, otchedwa bridge, anakhwimiranso pa sitima. M'chaka cha 1925 Harold Vanderbilt wa ku America, ali pa sitima yotchedwa Finland imene inkadutsa ngalande ya Panama, anakonza kaŵerengedwe katsopano ka malikisi. Kaŵerengedwe kameneko ndiko kanabala funso limene limakanganitsa abwenzi mpaka lero.

Tiyambe ndi kaseŵeredwe kake. Pamakhala anthu anayi, aŵiri mbali iyi ndi aŵiri mbali inayo, bwenzi kukhala moyang'anizana ndi bwenzi lake. Makhadi onse 52 amagaŵidwa, aliyense 13. Aliyense akaponya khadi limodzi, mwini khadi lalikulu amatola onse anayi, ndipo zotolazo tizitcha mtolo. Koma asanayambe kuponya pamakhala kulonjeza: mbali iliyonse imanena mitolo imene ingatole, ndi mtundu wa makhadi umene ukhale wolamulira. Mukasoŵa mtundu umene waponyedwa, kakhadi kakang'ono ka mtundu wolamulira kamadya ngakhale esi. Mitolo 6 yoyamba siiŵerengedwa, kotero kuti wonena "inayi" walonjeza mitolo 10.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Mitundu inayi ija siilipira mofanana. Sipedi ndi mtima ndiyo mitundu yaikulu, ndipo mtolo uliwonse umabweretsa malikisi 30. Dayamondi ndi kalabu ndiyo yaing'ono, malikisi 20 okha. Ndi kothekanso kulonjeza popanda mtundu wolamulira. Pamenepo mtolo woyamba ndi 40, yotsatira 30. Mphotho yaikulu, yotchedwa gemu, imafuna malikisi 100. Ŵerengani nokha monga aŵerengera akatswiri a bawo pa Chintheche asananyamule nkhomo: pa mtundu waukulu, 30 kanayi akwana 120, ndiye mitolo 10. Pa mtundu waung'ono, 20 kasanu ndiye 100, mitolo 11. Popanda wolamulira, 40 ndi 30 ndi 30, mitolo 9 basi.

Wina anganene kuti kusiyana kwa mtolo umodzi n'kochepa. Ayi ndithu. Wolonjeza mitolo 11 waloleza adani mitolo iŵiri yokha, ndipo adaniwo akakhala ndi maesi aŵiri, iye sangalakwitsenso kena kalikonse. Oseŵera amayesa mphamvu ya makhadi awo motere: esi 4, mfumu 3, mfumukazi 2, jeki 1, zonse pamodzi 40. Kuyesa kumeneku kunafalitsidwa ndi Milton Work, ndipo pambuyo pake Charles Goren. Abwenzi akakhala ndi mphamvu 25 kapena 26 pamodzi, gemu ya mtundu waukulu imatheka kaŵirikaŵiri. Ya mtundu waung'ono imafuna 28 kapena 29.

N'chifukwa chake ntchito yoyamba ya abwenzi polonjeza ndiyo kufufuza ngati ali ndi masipedi kapena mitima 8 pakati pawo. Akakhala nayo 8, adani atsala ndi 5, ndipo pafupifupi maulendo aŵiri mwa atatu, asanuwo amagaŵikana atatu uku aŵiri uko, kotero kuti savuta kuwazula. Kufufuzaku n'kofunika kwambiri mwakuti pali funso lake, lodziŵika ndi dzina la Sam Stayman amene analilengeza m'chaka cha 1945. Mnzanu akatsegula ndi "umodzi popanda wolamulira", inu n'kuyankha "makalabu aŵiri", simukunena za makalabu konse. Mukumufunsa ngati ali ndi makhadi anayi a mtundu waukulu.

Nanga mtundu waukulu ukasoŵa, manja atadzaza makalabu? Apa ndipo ophunzira ambiri amagwa. Makalabu asanu ndi limodzi okongola amakopa maso, munthu n'kufuna kuti alamulire basi. Taganizani kuti muli ndi esi, mfumu ndi mfumukazi za kalabu pamodzi ndi makalabu ena atatu, esi ya sipedi ndi esi ya dayamondi, ndipo mnzanu ali ndi esi ya mtima ndi timakalabu titatu. Mitolo 6 ya makalabu ndi maesi atatu ija ikukwana 9. Popanda wolamulira gemu yalowa m'thumba. Koma mukalonjeza makalabu asanu, mitolo iŵiri yotsalayo muitenga kuti? Makalabu amagwira ntchito yawo ngakhale osapatsidwa ufumu.

Komabe njira yachiduleyi ili ndi ngozi yake. Msodzi wa ku Kande akaona mwera ukudza amathaŵira pa gombe lapafupi, koma amayamba wakumbukira ngati pagombepo pali miyala. Sinthani makhadi aja pang'ono. Mnzanu alibe esi ya mtima. Ali ndi timitima titatu topanda mphamvu, mfumu ya sipedi, ndi mfumu ndi mfumukazi za dayamondi. Inu muli ndi mtima umodzi wokha, masipedi atatu ndi madayamondi atatu. Adani ndiwo amaponya khadi loyamba, ndipo ali ndi mitima 9, kutanthauza kuti mmodzi wa iwo ali nayo isanu kapena kuposa. Popanda wolamulira angathe kutola mitolo isanu inu musanagwire n'komwe, pangano n'kugwa. Koma makalabu akalamulira mungotaya mtima umodzi, wachiŵiri muudya ndi kakalabu, ndipo makalabu 6, masipedi aŵiri ndi madayamondi atatu akupatsani mitolo 11. Apa mtundu waung'ono ndiwo wopulumutsa.

Pa mipikisano, pamene magulu ambiri amaseŵera makhadi amodzimodzi n'kuyerekeza zotsatira, mtundu waung'ono umaponderezedwabe. Kwa mbali imene siili pa chiopsezo cha chilango chachikulu, masipedi anayi amapereka 420, makalabu asanu 400, pamene wolonjeza mitolo 9 popanda wolamulira akatola 10 amapeza 430. Ine ndimaona kuti zimenezi zachititsa oseŵera ena kunyoza makalabu ndi madayamondi mopyola muyeso, mpaka kuiŵala kuti wotha kutola mitolo 11 watsala ndi umodzi wokha kuti afike pa 12, pamene pali mphotho ina ya malikisi 500 kapena 750.

Amene muli ndi makhadi pafupi, ayaleni pa mphasa madzulo ano monga tafotokozera, muyese njira zonse ziŵiri, wina akhale mdani woyamba ndi mtima. Tsalani bwino.