Zomwe zabisala mufayilo yanu ya Word

Tengani fayilo ya Word imene dzina lake limathera ndi .docx, muikopere pambali, kenako musinthe matherowo akhale .zip. Mukaitsegula mupeza mafoda angapo, ndipo mufoda yolembedwa word muli fayilo yotchedwa document.xml. Ngati munalembamo kalata yofunsira ntchito, ili mmenemo, koma mawu ake atchingidwa uku ndi uku ndi tizizindikiro tosongoka, < ndi >. Imeneyi ndiyo XML, ndipo enafe timadyera pomwepo.

Kompyuta simva tanthauzo la zimene timalemba. Mukailembera 3500 siingadziwe ngati ndi mtengo wa sopo kapena chiwerengero cha ana asukulu. Ndiye timaiuza motere: <mtengo>3500</mtengo>. Chizindikiro choyamba chikutsegula, chachiwiri chokhala ndi kamzere kopendekeka chikutseka. Zili ngati thumba la ufa lotumiza pa basi: ufa ndi ufa basi, koma kondakitala amadziwa kolitsitsa chifukwa cha dzina ndi siteji zomwe mwalemba pathumbapo.

Nzeruyi ndi yakale kuposa mawebusaiti. Mu 1969 Charles Goldfarb, Edward Mosher ndi Raymond Lorie a kampani ya IBM anakonza GML, imene inabala SGML, yovomerezedwa ndi bungwe la ISO mu 1986. SGML inali yamphamvu koma yolemetsa, moti ankalimba nayo ndi makampani akuluakulu ndi maboma. Tim Berners-Lee, akugwira ntchito ku CERN kufupi ndi Geneva, anatengako pang'ono chabe n'kupanga HTML cha m'ma 1990, ndipo masamba a pa intaneti anayambira pamenepo.

Vuto linaoneka malonda atalowa pa intaneti. HTML imadziwa kuti uwu ndi mutu wankhani, iyi ndi ndime, koma ilibe chizindikiro chonena kuti uwu ndi mtengo kapena ili ndi dzina la wogula. Munthu amaona ndi maso n'kuzindikira, makina ayi. Gulu lotsogoleredwa ndi Jon Bosak wa ku Sun Microsystems linapeputsa SGML, ndipo mu February 1998 bungwe la W3C linatulutsa XML 1.0, imene imalola aliyense kudzipangira zizindikiro zake.

XML ilibe chisoni. Mukaiwala kutseka chizindikiro chimodzi chokha, pulogalamu yowerenga imaima pomwepo, pamene HTML yolakwika bulawuza imangoganizira zomwe mumafuna kunena n'kupitirira. Anyamata ongoyamba ntchito amadandaula nazo, ndipo ambiri anathawira ku njira ina yotchedwa JSON, imene Douglas Crockford anaitchukitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Sindiwatsutsa, JSON ndi yaifupi ndipo sidya bandulo yambiri. Koma pa nkhani ya ndalama ine ndimakonda makina okana kuposa makina olotera. Mauthenga a ISO 20022, amene mabanki amatumizirana ndalama zikamadutsa malire, amalembedwa mu XML.

Zizindikirozo munthu amaziphunzira tsiku limodzi. Chimene chimatidyera nthawi ndi kugwirizana. Ofesi ina ilemba dzina lonse la munthu m'chizindikiro chimodzi, ina igawa dzina loyamba ndi la bambo, ndiye mafayilo awo akakumana munthu mmodzi amasanduka awiri. Deti ndiye losautsa: 03/04/2024 kwa ife ndi pa 3 April, kwa wa ku America ndi pa 4 March. N'chifukwa chake tisanalembe pulogalamu timayamba takhala pansi ndi eni ntchito n'kulemba schema, chikalata chonena zizindikiro zololedwa, ndondomeko yake, ndi zoyenera kulowa m'chilichonse. Pa deti timatsata ISO 8601: chaka poyamba, kenako mwezi, tsiku pomaliza, 2024-04-03. Misonkhano yake imatha ndi mikangano, makamaka a akaunti akakumana ndi a zamalonda, aliyense akuumirira kuti fomu yake ndiyo yolondola.