Kuphunzitsa Ana za Kukhala ndi Kufa kwa Mwezi

Mwa maphunziro onse a chilengedwe amene mphunzitsi ayenera kuphunzitsa, palibe limene chipangizo chake chipezeka msanga kuposa phunziro la mwezi, pakuti mwezi uli pamwamba pa mudzi uliwonse, ndipo sugulidwa ndi ndalama. Komatu ndi phunziro limene ambiri aliphunzitsa mokhota. Mukafunsa ana chifukwa chake mwezi uoneka wochepa lero ndi wathunthu tsiku lina, ochuluka adzayankha kuti mthunzi wa dziko lapansi wauphimba. Yankho limeneli nlolakwa, ndipo chomvetsa chisoni nchakuti kawirikawiri ana achita kulimva kwa mphunzitsi wawo.

Zoona zake ndi izi. Mwezi ulibe kuunika kwakekwake. Ndi mbulunga ya miyala ndi fumbi, yotalikirana nafe makilomita ngati 384,000, ndipo iwala chifukwa dzuwa liiomba. Nthawi zonse theka la mbulungayo lili poyera, theka lina lili mumdima, monga momwe chikhalira chulu dzuwa litapendeka. Tsono popeza mwezi uzungulira dziko lathu, ife tiona theka lowalalo kuchokera kumbali zosiyanasiyana. Ukakhala kumbali imene kuli dzuwa, mbali yake yamdima ndiyo ipenya kwa ife, ndipo pamenepo anthu anena kuti mwezi wafa. Papita tsiku limodzi kapena awiri, kamwezi kowonda kaoneka kumadzulo dzuwa litangolowa, ndipo anthu ati mwezi wakhala. Pakutha pa mlungu umodzi uoneka theka, pakutha pa milungu iwiri uoneka wathunthu, nutuluka kum'mawa nthawi yomweyo dzuwa lilikulowa. Kuchokera apo uyamba kuchepa kufikira wafanso. Ulendo wonsewo utenga masiku 29 ndi theka.

Musaganize kuti ana abwera m'kalasi opanda kanthu m'mutu. Mawu akuti "wakhala" ndi "wafa" awadziwa kale, ndipo mwana aliyense amene anasewerapo pabwalo usiku adziwa kuti mwezi ukapitirira pa uthunthu wake uchedwa kutuluka, kotero kuti anthu adya nsima mumdima nayembekeza. Kuchedwa kumeneku ndi mphindi ngati 50 tsiku ndi tsiku. Makolo athu anali nayonso nthano yolongosola zimenezi, imene Alice Werner anailemba m'buku lake la nthano za anthu a mu Africa: akuti mwezi ndi mwamuna wa mitala. Mkazi wa kumadzulo, Puikani, amdyetsa bwino ndipo anenepa, koma wa kum'mawa, Chekechani, ammana chakudya ndipo awonda. Ine ndiyesa kuti nthano iyi ndi khomo labwino lolowera phunziro lathu, ndipo mphunzitsi woiseka ataya chuma. Amene anaipeka anali anthu openyetsetsa: mwezi womakula uoneka kumadzulo madzulo, ndipo mwezi wotsala pang'ono kufa uoneka kum'mawa mbandakucha. Anaphonya pa chifukwa chokha. Ana okulirapo mungathe kuwauzanso kuti akazi awiriwo ndi nthanda imodzi yomweyo, imene Azungu aitcha Venus, yooneka miyezi ina madzulo ndi miyezi ina m'mawa.

Musafulumire kujambula pabolodi. Yambani ndi kupenya. Sankhani nyengo ya chisanu, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, pamene mitambo ili yochepa ndipo utsi wa lupsa usanadetse thambo. Tsiku limene mwezi wakhala, uzani ana kuti madzulo aliwonse, dzuwa litangolowa, aime pamalo amodzimodzi kunyumba kwawo, ajambule mwezi monga auona, ndi kulemba ngati uli pamwamba pa mtengo uti kapena denga liti. M'mawa mwake mwana mmodzi ajambule pa pepala lalikulu la kalasi. Pakutha pa milungu iwiri, iwo eni adzazindikira kuti mwezi ukula pamene ulikutalikirana ndi dzuwa. Chinthu chimene mwana wachiona yekha sachiiwala msanga.

Ntchito imene ndiikonda koposa ichitika usana. Masiku angapo mwezi utapitirira pa uthunthu, uonekabe kumadzulo m'mawa ana ali pasukulu, ngakhale ambiri sakhulupirira kuti mwezi uoneka dzuwa lili kuwala mpaka mutawalozera. Tulutsani ana pabwalo, aliyense ali ndi dzaye kapena lalanje. Mwana atambasule dzanja nalozetse dzayelo kumene kuli mwezi. Adzaona kuti mbali yowala ya dzaye ifanana ndendende ndi mbali yowala ya mwezi, pakuti dzuwa limodzi lomwelo liomba zonse ziwiri. Afunseni tsono: kodi mthunzi wa dziko uli kuti pa dzaye lanulo? Palibe. Muwachenjeze kolimba kuti asapenye dzuwa lenilenilo, chifukwa liononga maso.

Pambuyo pake lowani m'chipinda chamdima muli nyali imodzi. Nyaliyo ndiyo dzuwa, mutu wa mwana ndiwo dziko lapansi, dzaye ndilo mwezi. Mwana atembenuke pang'onopang'ono atatambasula dzanja, ndipo adzaona dzaye likhala, likula, lidzala, lichepa, ndi kufa. Akafulatira nyali ayenera kukweza dzaye pamwamba pa mutu pang'ono, apo ayi mthunzi wa mutu wake uliphimba. Mumleke alakwe dala kamodzi, pakuti wapanga kadamsana wa mwezi, ndipo apa pokha ndi pamene mthunzi wa dziko ugwira ntchito. Kadamsana wotere achitika mwezi uli wathunthu basi, monga uja anaoneka mu Africa monse usiku wa pa 27 Julayi 2018. Kadamsana wa dzuwa achitika mwezi utafa, monga wa pa 21 Juni 2001 amene anadetsa mzinda wa Lusaka masana. Sizichitika mwezi ndi mwezi chifukwa njira ya mwezi ndi yopendekeka madigiri 5, ndipo kawirikawiri udutsa pamwamba kapena pansi pa mthunziwo.

Chenjerani ndi zithunzi za m'mabuku olembedwa ku Ulaya. Kumeneko kamwezi kongokhala ajambula kataimirira, kowala kudzanja lamanja. Ife tili kumwera kwa dziko, ndipo kuno kaoneka katagona ngati bwato, kapena katapendekera kwina. Mwana akajambula chimene waona ndi maso ake, musamuchonge ndi buku. Lamulo losalephera konsekonse ndi lakuti mbali yowala ipenya kumene kuli dzuwa.

Poyesa ana, pewani mafunso ongofuna kuloweza. Ana a kunyanja afunseni chifukwa chake asodzi a usipa, amene akopa nsombazo ndi nyali, akondwera mwezi ukafa. Ana achisilamu afotokozere anzawo chifukwa chake pofika nthawi ya Ramadani akuluakulu afunafuna mwezi kumadzulo, osati kum'mawa. Ndipo onse muwafunse kuti: lero mwezi watuluka pamene dzuwa lilikulowa, nanga pakapita mlungu umodzi udzatuluka nthawi yanji, ndipo udzaoneka wotani?