Kutentha ndi Madzi Osefukira: Agogo Asatsalire M'mbuyo

Ambiri mwa inu mumapita ku Tete kukagula katundu kapena kukaona abale. Mumadziwa kuti m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumeneko kumapyola madigiri 40. Mvula ikachulukanso, chigwa cha Nhartanda, chimene chili mumzindamo, chimadzaza madzi. M'chaka cha 2019 mtsinje wa Revúbuè unasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mlatho wa pamtsinjewu. Akatswiri akuti kusintha kwa nyengo kukuwonjezera kutentha ndi mvula yoononga.

Kodi n'chifukwa chiyani okalamba ndiwo amavutika kwambiri?

Munthu akakalamba samva ludzu msanga ndipo thupi lake silitulutsa thukuta lokwanira. Madzi amatha m'thupi iye osadziwa. Amene ali ndi matenda a mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi amafooka mwachangu. Madzi akasefukira, agogo sangathamange, mankhwala awo amakokoloka, ndipo kolera ikabwera imawapeza ali ofooka kale.

Udindo ndi wa yani?

Agogo athu sanayendepo pa ndege kapena kukhala ndi mafakitale otulutsa utsi umene ukutenthetsa dziko. Si chilungamo kuti iwo ndiwo alipire ndi moyo wawo. Lamulo nambala 3/2014 la ku Mozambique limateteza ufulu wa okalamba, ndipo Malawi anakhazikitsa lamulo lotere mu 2024. Koma lamulo silingabereke agogo kumsana. Ntchito imeneyo ndi ya ife abale, anansi, mafumu ndi mipingo.

Kuteteza sikutanthauza kulamula. Agogo ena amakana kusamuka poopa kusiya mbuzi, dimba kapena manda a makolo. Musawakoke ngati mwana. Kambiranani nawo mvula isanayambe, ndipo mugwirizane kumene adzapite ndi amene adzasunge ziweto.

Zoyenera kuchita:

1. Apatseni madzi otetezedwa pafupipafupi, ngakhale asanapemphe.
2. Asagwire ntchito padzuwa masana.
3. Ikani mankhwala ndi khadi lawo la kuchipatala m'pulasitiki.
4. Mfumu ilembe maina a okalamba okhala okha, ndipo chenjezo likamveka pawailesi muyambe ndi iwo.
5. Akayamba kubwebweta, chizungulire kapena kukomoka, aikeni pamthunzi, anyowetseni thupi ndipo thamangirani nawo kuchipatala. Si ufiti ayi.

Akulu ndi mdambo mozimira moto. Tiyeni tiwasamale.