Matalala Oyaka Moto

Tonsefe tidziwa kuti madzi ndiwo azima moto. Koma pansi pa nyanja zikuluzikulu za mcere, ndiponso m'nthaka youma ndi cisanu ya ku Siberia ndi kumpoto kwa Canada, muli cinthu coyera ngati matalala cimene cimayaka mukaciyandikizira macisi. Akatswiri a sayansi amacicha methane hydrate. Cimapangika kumene kuli kozizira kwambiri ndipo madzi a pamwamba akupsinja ndi kulemera kwao, monga pa kuya kwa mamita 500 kapena kupitirira. Pamenepo madzi amaundana, natsekera m'kati mwao mpweya woyaka wochedwa methane. Mpweyawo umapanikizika koopsa: cibuma ca mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi mu msinkhu cikasungunuka, cimatulutsa mpweya wodzaza malo otero okwana ngati 160.

Anthu a m'mafakitale anayamba kucidziwa cinthuci ngati mdani. M'caka ca 1934, E. G. Hammerschmidt wa ku America anaonetsa kuti ndico cinali kutseka mapaipi a gasi nyengo yozizira. Kufikira lero makampani amathira mankhwala a methanol kapena glycol m'mapaipi kuti matalalawa asamangike. Paipi ikatsekeka, kuitsegula ndi nchito yofuna mtima wofatsa, pakuti cibuma cikamasuka mwadzidzidzi cimathamanga ngati cipolopolo, ndipo cingang'ambe paipi ndi kupha anchito.

Dziko lonse linaona mphamvu yake mu 2010. Pa 20 April, Deepwater Horizon, combo cokumbira mafuta ku Gulf of Mexico, cinaphulika ndipo anthu 11 anafa. Mwezi wotsatira akatswiri anatsitsa cinyumba cacitsulo kukavundikira pamene mafuta anali kutuluka, pa kuya kwa mamita pafupifupi 1,500. Gasi atakumana ndi madzi ozizira m'katimo, matalala anadzaza cinyumbaco natseka potulukira pake. Nzeru imeneyo inalephereka, ndipo mafuta anatayika m'nyanja masiku 87.

Nanga n'cifukwa ciani maiko ena akucifunafuna? Ife amene taona mitengo ikutha cifukwa ca makala, ndi magetsi akuzima madzi atacepa ku Kariba mu 2024, sitingadabwe nayo njala ya nkhuni. Dziko la Japan limagula kunja pafupifupi mafuta ndi gasi yense amene ligwiritsa nchito, pamene matalalawa ali pakhomo pake penipeni. Mu 2013 combo cao cochedwa Chikyu cinaboola pansi pa nyanja ku Nankai Trough. Anapopa madzi m'citsime kuti kupsinja kucepe, matalala nayamba kumasula mpweya. Aka kanali koyamba kutulutsa gasi wotere pansi pa nyanja, koma patapita masiku 6 mcenga unalowa m'citsime, nchito niima. Mu 2017 dziko la China linapopa masiku 60 ku Shenhu, m'nyanja ya South China Sea.

Tisafulumire kuomba m'manja. Kufikira tsopano kulibe dziko limene likukumba gasi ameneyu pansi pa nyanja n'kumagulitsa, pakuti mtengo wake ngwokwera. Cinanso, matalalawa amamanga mcenga ndi matope a pansi pa nyanja. Akasungunuka, nthaka imafooka ndipo citsime cingagwe. Methane wopulumukira kumwamba osapsa amatenthetsa dziko kuposa mpweya wa carbon dioxide kowirikiza makumi angapo.