Tikungokayenda: Maulendo a Tsiku Limodzi Kuchokera pa Mitundu ndi pa Nathenje

Kwathu kuno ulendo umafuna chifukwa. Munthu ukavala nsapato n'kutseka chitseko, anansi amafunsa kuti, "Kwagwanji?" Ukati kuli maliro, kuli chinkhoswe, kapena ukukazonda wodwala kuchipatala, amakumvetsa. Koma ukati, "Tikungokayenda, tikaone phiri," amakuyang'ana kawiri. Ena amati wapha makwacha, ena amati ukubisa kumene ukupita. Kuyenda kongoona malo tinakusiyira alendo akunja ndi anthu a m'tauni, ndipo ife tikakuganizira timathamangira kunyanja, ku Salima kapena ku Mangochi, ulendo wofuna kusunga ndalama chaka chathunthu, umene ambiri timangoulankhula pakamwa.

Ine ndimakhala pa Mitundu, ndipo mlongo wanga anakwatiwa pa Nathenje. Dera limeneli lili ndi malo oti munthu ungadzuke Loweruka, kuona kuti kunja kwacha bwino, n'kuuza apabanja kuti tiyeni, dzuwa lisanalowe muli kunyumba. Safuna kukonzekera mwezi wonse. Ambiri timawadutsa tsiku ndi tsiku titanyamula matumba a soya ndi mtedza, maso ali pamsewu.

Loyamba ndi phiri la Bunda. Aliyense wokwera minibasi kuchokera m'tauni kupita ku Mitundu amaliona, mwala waukulu wotumphuka pakati pa minda. Makolo athu ankakathira nsembe kumeneko mvula ikavuta, ndipo mpaka lero ndi phiri la mapemphero, ngakhale opempherawo tsopano amanyamula Baibulo. Mukakwera mudzawapeza: amayi atayala zitenje pathanthwe, bambo atagwada payekha kuseri kwa mwala, kagulu kakuimba chapansipansi, ena atagona komweko usiku wonse. Muwapatse ulemu. Wailesi ya pafoni muzimitse, ana muwauze asathamangire pakati pawo.

Nyamukani m'mawa dzuwa lisanakwere, chifukwa thanthwe likatentha limawotcha mapazi ngakhale mutavala nsapato, ndipo mthunzi ndi wochepa. Kukwerako n'kotopetsa koma sikufuna chingwe kapena luso lililonse. Mumayenda pang'ono, mumapuma, abuluzi akuthawira m'ming'alu. Mphepo ya pamwamba imakulandirani thukuta lisanaume. Ndiye mumaona dziko lanu lonse nthawi imodzi: nyumba za koleji ya Bunda m'munsimu ndi madamu ake akunyezimira, mizere ya minda, timitengo tambirimbiri tosonyeza pamene pali manda, mapiri a Dzalanyama atatambalala chakumadzulo, phiri la Nkhoma chakum'mawa. Mwana wanga wamkazi atafika pamwambapo anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ababa, nanga nyumba yathu ili pati?" Tinafunafuna malata a pa Mitundu mpaka tinawapeza. Anali asanadziwe kuti mudzi wake uli ndi malo ake pakati pa midzi ina, kuti msewu umene amawoloka popita kusukulu umachokera kwina n'kupitirira kwina. Mapu a m'buku la kusukulu anayamba kumveka tsiku limenelo.

Potsika musathamangire kunyumba. Dutsani chakukoleji. Sukuluyi inayamba m'zaka za m'ma 1960 ngati nthambi ya zaulimi ya Yunivesite ya Malawi, ndipo kuyambira 2012 ndi likulu la yunivesite yoima payokha ya LUANAR. Zimandipweteka kuti ana ambiri a alimi ozungulira pano amaidziwa ngati malo okagulitsako nthochi ndi tomato basi. Mwana aone ndi maso ake anyamata ndi atsikana atanyamula mabuku, amve kuti akuphunzira za nthaka, za ng'ombe, za nsomba, zinthu zomwezo zimene agogo ake amachita. Mawu akuti "limbikira sukulu" amalemera mwana akaona kumene sukuluyo imafikitsa.

Kwa a pa Nathenje, mwayi uli pamsewu wa M1. Mukamalowera ku Dedza pali Ngala ya Pakamwa, chimwala chokhala ndi phanga looneka ngati kamwa yoyasama, chimene apaulendo amalozerana pawindo la basi. Ochepa amatsika kukachiona pafupi. Wa kabaza wa m'deralo amadziwa njira, ndipo ndi bwino kuyamba mwalonjera kwa amfumu kapena akuluakulu a mudzi umene mukudutsamo, chifukwa minda ndi nkhalango zimene mukupondazo zili ndi eni ake.

Koma ulendo umene ndimaukonda koposa mbali imeneyi ndi wa ku Nkhoma. Mumatsikira pa Kamphata n'kukwera galimoto kapena njinga yamoto yolowera kum'mawa. Vuto la Nkhoma ndi lakuti ambiri tinakafikako titanyamula wodwala, kapena kuperekeza agogo kukachotsa ng'ala m'maso, moti dzinalo limatikumbutsa fungo la mankhwala ndi kugona pakhonde. Mlamu wanga nditamuuza kuti tipiteko anati, "Alamu, kodi wadwala ndani?" Pitaniko tsiku lina muli bwino nonse, mudzaona malo ena. Mishoni imeneyi inakhazikitsidwa mu 1896 ndi amishonale a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa, amene anayambira ku Mvera mu 1889. Nthawi imeneyo anthu a Mfumu Mazengera ankakhala m'phiri pothawa nkhondo za Angoni. Chipatala chinayamba mu 1915. Nyumba zakale za njerwa zofiira zikadalipo, tchalitchi chikadalipo, mitengo ikuluikulu ikuchita mthunzi m'misewu. Sukulu ya sekondale ya pamenepo ili ndi dzina la William Murray, amene anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922. Baibulo limene amayi anu amasunga m'kabati lili ndi mbiri yake, ndipo mbali ya mbiriyo ili pamtunda woti mungapite n'kubwerako tsiku lomwelo.

Phiri la Nkhoma ndi lalitali kuposa la Bunda, ndipo chakumapeto n'kotsetsereka kwambiri. Ngati muli ndi ana aang'ono kapena achikulire, fikani pakanyumba kopumulirako kamene kali m'njira, mudye kamba wanu, mubwerere. Palibe amene adzakufunseni satifiketi. Ofuna kufika pansonga atenge mnyamata wodziwa njira, ndipo amupatse kangachepe moyenera, chifukwa nayenso wataya tsiku lake.

Kambayo asakusowetseni tulo. Mbatata yophika dzulo, mtedza wokazinga, nzimbe zodula mfundomfundo, thobwa m'chigubu ndi madzi akumwa okwanira, basi. Ndalama imene imapita ndi yoyendera, ndipo poti mitengo ya mafuta imasinthasintha, gwirizanani ndi wa njinga musanakwere, za kupita ndi kubwera komwe. Mukatsala ndi kenakake, tchipisi cha pachiwaya pa Kamphata kapena pa Nathenje chimatseka tsiku bwino. Majumbo ndi mabotolo mubwerere nawo. Pamwamba pa mapiri athu palibe wosesa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna abambo anzanga amve. Tikamati tikayende, kawirikawiri amapita ndi ife ndi anyamata, mayi n'kutsala akuchapa ndi kuphika kuti tikabwera tipeze nsima. Si bwino. Mayi wa kumudzi amayenda mtunda wautali kuposa tonsefe, koma nthawi zonse ali ndi mtolo pamutu: kumjigo, kuchigayo, kumunda, kusikelo. Akazi anga atakhala pansi pamwamba pa Bunda, manja ali chabe, anandiuza kuti sakumbukira tsiku lina limene anayenda osanyamula kanthu. Zochapa zidikire Lolemba.

Amene ali ndi njinga yamoto kapena angathe kusonkherana galimoto, alowere ku Malingunde akaone madamu a Kamuzu pamtsinje wa Lilongwe. Loyamba linamangidwa mu 1966, lachiwiri mu 1989, ndipo ndi amene amamwetsa mzinda wa Lilongwe kudzera ku Lilongwe Water Board. Kwa mwana amene sanaonepo nyanja, madzi amenewa ndi odabwitsa. Pemphani kaye chilolezo kwa alonda, ndipo ana asalowe m'madzi: ndi akuya, komanso madzi odikha amasunga likodzo.

Mukaima pamenepo yang'anani kumene madziwo akuchokera. Ndi ku Dzalanyama, nkhalango imene boma linaiteteza mu 1922, ya mahekitala pafupifupi 99,000, m'malire ndi Mozambique. Mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe imayambira kumeneko. Achewa timati ku Kaphirintiwa, m'mapiri omwewo, ndi kumene anthu oyamba anaponda pansi, ndipo kachisi wa Makewana wa ku Msinja anali m'dera lomwelo. Lero njira zochokera kumeneko zimadzaza ndi njinga zosenza makala mbandakucha, ndipo mu 2015 boma linachita kutumiza asilikali kukalondera. Sindinyoza wosenza makala. Ndikudziwa njala imene imamudzutsa usiku. Koma ndaona kuti munthu amene analowamo m'nkhalangoyo, namva kuzizira kwa pansi pa mitengo ya mombo ndi tsamba, natola masuku, nawona kasupe akutuluka pansi, salankhula za Dzalanyama monga amalankhulira amene amangoiona patali. Akaona zitsa amamva kuti wataya kanthu.

Nyengo yabwino ya maulendo onsewa ndi tikakolola, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, misewu yafumbi itauma ndipo dzuwa lisanapse. Juni ndi Julayi pamwamba pamazizira, choncho tengani juzi. Nthawi ya mvula thanthwe limaterera ndipo mphezi simasewera, ndiye mapiri muwasiye. M'chilimwe mukhoza kukumana ndi gule m'njira za m'midzi. Patukani, perekani ulemu, ndipo musadutsire kumanda pofuna chidule. Ku Dzalanyama kokha nyamukani tambala woyamba, chifukwa msewu ndi wautali ndi wokumbika, ndipo mudziwitse a zankhalango kuti mwalowa.