Mapulogalamu aulere okonzera zithunzi, malebulo ndi zikwangwani za malonda

Alimi, amalonda ndi anthu onse akudziwitsidwa kuti alipo mapulogalamu a pakompyuta okonzera zithunzi, malebulo a katundu ndi zikwangwani omwe aliyense angathe kugwiritsa ntchito kwaulere popanda kuphwanya lamulo. Uthengawu ndi wofunika makamaka kwa makopaletivi ndi mabizinesi ang'onoang'ono amene amalongedza uchi, chiponde, mpunga kapena mafuta a mpendadzuwa, popeza wogula amayamba waona lebulo asanalawe zimene zili m'kati.

Mapulogalamu otchuka pa ntchitoyi, monga Photoshop ndi Illustrator a kampani ya Adobe, ndi olipira. Kuyambira m'chaka cha 2013, kampaniyi inasiya kutulutsa mitundu yatsopano yogula kamodzi ya mapulogalamu awiriwa, ndipo wofuna kuwagwiritsa ntchito amalipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Ena amathawira ku makope obedwa, koma lamulo loteteza ntchito zaluso la 2016 limatetezanso mapulogalamu a pakompyuta. Kuwonjezera apo, makope oterewa kawirikawiri amabwera ndi mavairasi amene angaononge mafailo a bizinesi.

Mapulogalamu aulere amene akunenedwa pano ali ndi chilolezo chotchedwa GNU GPL, chomwe chinachokera ku ntchito ya GNU imene Richard Stallman anayambitsa mu 1983. Chilolezochi chimapatsa aliyense ufulu wogwiritsa ntchito pulogalamu, kuikopa, kugawirako ena ngakhalenso kuisintha, popeza kalembedwe kake ka m'kati kali poyera. Zimene mwakonza ndi mapulogalamuwa ndi zanu, ndipo mungathe kuchita nazo malonda.

Iliyonse mwa mapulogalamuwa ili ndi ntchito yake. GIMP ndi yokonzera zithunzi zojambula ndi kamera kapena foni: kuzidula, kuziwalitsa, kukonza mitundu ndi kuchotsa zimene zili kumbuyo kwa katundu. Anaiyambitsa ndi Spencer Kimball ndi Peter Mattis mu 1995 ali ophunzira pa University of California ku Berkeley, ndipo mtundu wake wa 3.0 unatuluka mu Marichi 2025. Inkscape, yomwe inayamba mu 2003, ndi yojambulira chizindikiro cha bizinesi ndi malebulo. Scribus ndi yoyalira masamba a timabuku, makalata a nkhani ndi timapepala totsatsira malonda. Onse atatu amagwira ntchito pa Windows, macOS ndi Linux.

Kusiyana kwa GIMP ndi Inkscape n'kofunika kukumvetsa musanayambe ntchito. Chithunzi cha mu GIMP chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri, choncho mukachikulitsa mopitirira muyeso chimachita chimbuuzi. Inkscape imasunga chojambula ngati mizere yowerengeredwa ndi masamu, motero chizindikiro chimodzimodzicho chingasindikizidwe pa botolo la uchi komanso pa chikwangwani chachikulu cha pamsewu, osataya kuoneka bwino kwake. N'chifukwa chake chizindikiro cha bizinesi chiyenera kujambulidwa mu Inkscape ndi kusungidwa ngati failo ya SVG.

Musanapite kwa osindikiza, tsatirani izi:

1. Yezani botolo kapena paketi, ndipo konzani lebulo pa muyeso wake weniweni wa mamilimita.
2. Zithunzi zosindikiza zikhale ndi timadontho 300 pa inchi iliyonse. Chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp nthawi zambiri chimakhala chitachepetsedwa, choncho tengani chenichenicho kuchokera mu foni kapena kamera.
3. Perekani ntchito yanu ngati failo ya PDF kuti zilembo zisasinthe pa kompyuta ya osindikiza.
4. Kompyuta imaonetsa mitundu ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, pamene makina osindikizira amasakaniza inki za mitundu inayi zotchedwa CMYK. Scribus imatha kukonza failo m'njira imeneyi. Pemphani kope limodzi loyesera musanalipire malebulo ambiri.
5. Sungani failo yoyambirira kuti mudzathe kusintha mtengo kapena tsiku popanda kuyambanso ntchito yonse.

Opanga zakudya akukumbutsidwa kuti kukongola kwa lebulo pakokha sikukwanira. Dzina la katundu, zimene zasakanizidwa, kulemera kwake, dzina ndi adiresi ya wopanga komanso tsiku lothera ntchito ziyenera kuoneka bwino. Funsani ku Malawi Bureau of Standards za zofunika pa katundu wanu musanasindikize.

Mapulogalamuwa atengedwe pa masamba awo enieni a pa intaneti: gimp.org, inkscape.org ndi scribus.net. Intaneti imafunika powatenga pokha, ndipo mukawaika mu kompyuta amagwira ntchito popanda bandulo. Munthu mmodzi akawatenga angathe kuwaika pa fulashi ndi kugawira mamembala onse a kopaletivi, ndipo chilolezo chawo chimalola zimenezi. Palibe laisensi yogula: katswiri amene wakuikirani pulogalamu kapena kukuphunzitsani mumamulipira pa ntchito yake yokha.

Chimene mapulogalamuwa amafuna ndi nthawi yophunzira. Magulu a alimi ndi amalonda akulimbikitsidwa kusankha membala mmodzi kapena awiri, makamaka achinyamata odziwa kompyuta, kuti ayambe ndi ntchito imodzi yaing'ono monga lebulo la katundu amene gulu limagulitsa kwambiri.