Mchewere wopirira ku downy mildew: ntchito ya mlimi wa mbewu ndi wogulitsa

Chilala cha El Niño cha mu 2023/24 chitawotcha chimanga m'chigawo chathu, mayiko a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe analengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi pakati pa February ndi April 2024. Kuyambira pamenepo, ife amene tili pa malonda a mbewu tikufunsidwa kawirikawiri za mapira ndi mchewere. Boma la Zimbabwe, kudzera m'ndondomeko ya Pfumvudza, likulimbikitsa alimi a m'madera ouma kubwerera ku mbewu zamakolozi. Alimiwo akufuna mbewu yovomerezeka, ndipo mbewuyo iyenera kuchulukitsidwa penapake.

Mchewere wodya umalimidwa kwambiri kumene mvula ndi yochepa: ku Matabeleland, kummwera kwa Masvingo, m'chigwa cha Zambezi, ndiponso ku Chikwawa ndi Nsanje m'Malawi. Koma wofuna kuchulukitsa mbewu amayang'ana malo odalirika, okhala ndi mvula, madzi othirira ndi alimi odziwa malamulo a mbewu. Darwendale, m'boma la Zvimba ku Mashonaland West, pafupifupi makilomita 60 kumadzulo kwa Harare, ndi amodzi mwa malo otero. Ali m'chigawo cha ulimi chachiwiri, chimene chimalandira mvula ya mamilimita 750 mpaka 1,000 pachaka, ndipo ali pafupi ndi damu la Manyame limene linamangidwa mu 1976. Deralo limadziwika ndi fodya, chimanga ndi migodi ya chrome, ndipo m'makomboni mwake Chichewa chikulankhulidwabe ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito.

Mlimi wa ku Darwendale amene angapatsidwe kontirakiti ya mbewu ya mchewere akumbukire mwambi uja wakuti walira mvula walira matope. Chinyezi chimene chimadzaza ngala ndi chomwenso nthenda ya downy mildew imachifuna.

Mmene nthendayi imagwirira

Downy mildew ya mchewere imayamba ndi kachilombo kotchedwa Sclerospora graminicola, kofanana ndi nkhungu. Kali ndi njira ziwiri zofalikira. Yoyamba ndi tinjere tolimba timene timapangika m'masamba ndi m'ngala zodwala. Tinjereti timagwera m'nthaka ndipo timatha kukhalamo zaka zingapo tili tamoyo. Tina timamatirira pa mbewu n'kuyenda nayo kulikonse kumene thumba lapita. Njira yachiwiri ndi tinjere tofewa timene timaphuka usiku kunsi kwa masamba, kukakhala chinyezi chambiri ndi kutentha kwa pakati pa madigiri 20 ndi 25. Mphepo ndi madontho a mvula zimatimwaza ku mmera woyandikana nawo.

M'mera mpoyamba: kachilomboka kamalowa mosavuta pamene mchewere wangomera kumene, ndipo kakafika pa msonga yokulira kamakhala m'chomera chonse. Chizindikiro choyamba ndi tsamba lachikasu kuyambira kutsinde kufika chapakati, pamene nsonga yake ikadali yobiriwira. M'mamawa, kunsi kwa tsambalo kumaoneka tinthu toyera ngati ufa. Zomera zina zimapinimbira n'kufa. Zopulumuka zimatulutsa ngala imene m'malo mwa njere imadzaza ndi timasamba topotanapotana. Ngala yotere sibereka chilichonse chopunthidwa.

Nthendayi isasokonezedwe ndi downy mildew ya mapira, imene imagwiranso chimanga. Iyo imayamba ndi kachilombo kena, Peronosclerospora sorghi.

Zimene zinachitika ku India

Kuno kummwera kwa Africa, downy mildew sinawonongepo mchewere pa mlingo umene yachita ku India ndi kumadzulo kwa Africa. Koma mbiri ya ku India ikutikhudza, chifukwa njira imene iwo anayenda ndi imene malonda athu akuiyang'ana lero.

Kale nthendayi inalipo ku India koma sinali yoopsa, pakuti alimi ankabzala mchewere wamakolo, umene chomera chilichonse chimasiyana pang'ono ndi chinzake m'chibadwa. Mu 1965 kunatuluka haibulidi yoyamba, HB 1, ndipo posakhalitsa kunabwera HB 3. Onsewa mayi wawo anali mmodzi, Tift 23A, wochokera ku Tifton m'chigawo cha Georgia ku America, pa ntchito ya katswiri Glenn Burton. Zokolola zinakwera mpaka pafupifupi matani 8 miliyoni mu 1970/71. Kenako mu 1971 downy mildew inabuka pa HB 3, ndipo m'chaka cha 1971/72 zokolola zinatsika kufika pa matani 5.3 miliyoni. Haibulidi ina, BJ 104, inalowa m'malo, koma nayonso inagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. MBH 110 inatsatira njira yomweyo zaka zingapo pambuyo pake.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. M'munda wa haibulidi ya makolo awiri, zomera zonse n'zofanana. Kachilombo nako kali ndi mitundu yambiri, ndipo kamaberekana mosakanikirana. Mtundu umodzi ukangopeza njira yolowera m'chomera chimodzi, wapeza njira yolowera m'munda wonse, ndipo chaka chilichonse chimene haibulidiyo yabwerezedwa pamalo omwewo, tinjere ta mtunduwo timachuluka m'nthaka.

Chimene chinathandiza alimi m'zaka zimenezo chinali mchewere wosakhala haibulidi, umene mungu wake umasakanikirana mwaufulu. Bungwe la ICRISAT, limene linakhazikitsidwa mu 1972 ku Patancheru pafupi ndi Hyderabad, linatulutsa WC-C75 mu 1982 ndi ICTP 8203 mu 1988. ICTP 8203 inachokera ku mchewere wamakolo wa kumpoto kwa Togo. Mitunduyi inalimidwa pa malo aakulu kwa zaka zambiri osagwa monga anagwera mahaibulidi aja, chifukwa kupirira kwake sikunatsamire pa chinthu chimodzi.

Kupirira kumasankhidwa, ndipo kumatha

Akatswiri amayesa kupirira pobzala mizere ya mchewere wosachedwa kudwala milungu ingapo isanabzalidwe mitundu yoyesedwa, n'kumathira madzi kuti chinyezi chisachoke. Motero mmera woyesedwa umakumana ndi nthenda yochuluka, ndipo mitundu yokhayo imene yadwala pang'ono ndiyo imapitirira. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1990 anaonetsanso kuti zigawo za chibadwa zimene zimateteza mchewere ku kachilombo ka ku India si zonse zimagwira ntchito pa ka ku Nigeria, Niger kapena Senegal. Choncho mawu akuti "imapirira" ayenera kutsatidwa ndi funso lakuti inayesedwa kuti, ndipo liti.

Nkhani ya HHB 67 ikuonetsa zimene zingatheke anthu akachita changu. Haibulidiyi, yochokera ku yunivesite ya zaulimi ya ku Hisar m'chigawo cha Haryana, inatuluka cha mu 1990 ndipo alimi anaikonda chifukwa imacha m'masiku pafupifupi 65. Akatswiri ataona kuti yayamba kudwala, sanadikire mliri. ICRISAT, yunivesiteyo ndi anzawo a ku Britain anagwiritsa ntchito zizindikiro za mu DNA kusamutsira kupirira kwa ICMP 451 mwa bambo wa haibulidiyo, ndipo mayi wake anamuwonjezera kupirira mwa njira yakale yokwatitsa mobwerezabwereza. Mu 2005 kunatuluka HHB 67 Improved, yocha msanga ngati kale koma yotetezeka. Patapita zaka, inafunikanso kukonzedwa, ndipo mu 2021 kunatuluka HHB 67 Improved 2.

Kwathu kuno, mitundu yambiri imene tikugulitsa inachokera ku pulogalamu ya SADC ndi ICRISAT ya mapira ndi mchewere, imene inayamba m'zaka za m'ma 1980 ku Matopos pafupi ndi Bulawayo. Ku Zimbabwe tili ndi PMV 2 ndi PMV 3, ku Malawi Nyankhombo ndi Tupatupa, ku Zambia Kaufela ndi Lubasi, ndipo ku Namibia Okashana 1 ndi mbadwa ya ICTP 8203 ija. Yonseyi si mahaibulidi, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene zatiteteza. Pamene mahaibulidi a mchewere akuyamba kulowa m'misika ya mu Africa, tiwalandire chifukwa cha zokolola zake, koma tikudziwa zimene zinachitikira anzathu.

Kwa mlimi wa mbewu

Munda wa mbewu usakhale umene munali mchewere chaka chatha kapena chinacho. Kasinthasintha ndi mtedza, soya kapena khobwe amachepetsa tinjere ta m'nthaka. Pewani malo odikha madzi, ndipo ngati mukuthirira ndi mipopi yowaza, musasiye masamba ali onyowa usiku wonse mmera ukadali waung'ono. Bzalani munda wonse nthawi imodzi, chifukwa chigawo chobzalidwa mochedwa chimalandira nthenda kuchokera ku choyamba.

Yendani m'munda m'mamawa kuyambira sabata yachiwiri, mukutembenuza masamba. Chomera chodwala chizulidwe, chiikidwe m'thumba, chikawotchedwe kunja kwa munda. Chikasiyidwa mumzere chimabwezera tinjere m'nthaka. Bwerezani ntchitoyi ngala zikamatuluka. Anthu amene mwawatuma kuzula aonetsedwe chomera chenicheni chodwala kaye, pakuti amene anazolowera fodya ndi chimanga sangachizindikire pongouzidwa.

Sungani mtunda umene woyendera mbewu walamula. Mchewere umalandira mungu kuchokera kutali ndi mphepo, ndipo mungu wachilendo umasungunula kupirira kumene akatswiri anakusankha. Posunga mtundu wosakhala haibulidi, musatenge mbewu ku ngala zochepa zokongola zokha, chifukwa mukatero mukuchepetsa kusiyana kwa chibadwa kumene kumauteteza. Ndipo mukaona nthenda yochuluka pa mtundu umene umadziwika kuti umapirira, musabise poopa kuti munda ukanidwa. Dziwitsani kampani yanu ndi a Seed Services Institute ku Harare. Ku Malawi ndi a Seed Services Unit ku Chitedze, ndipo ku Zambia ndi a SCCI ku Chilanga. Munda umodzi wokanidwa ndi wotchipa kusiyana ndi matumba a mbewu yodwala atafika ku Binga kapena ku Chiredzi.

Kwa wogulitsa

Musauze mlimi kuti mbewu iyi sidwala. Muuzeni kuti imapirira, ndipo mumufotokozere zizindikiro zoti aziyang'ana. Khalani ndi mitundu iwiri kapena itatu m'sitolo, kuti mudzi wonse usadalire mtundu umodzi chaka ndi chaka. Mbewu yothiridwa mankhwala a metalaxyl imateteza mmera m'milungu yoyambirira, nthawi imene uli pa chiopsezo chachikulu, koma mankhwalawo ndi othandizira chabe, ndipo mbewu yothiridwa isadyedwe kapena kupatsidwa ziweto. Lembani nambala ya loti ya thumba lililonse limene mwagulitsa. Mlimi akabwera ndi ngala yodzaza timasamba, lembani dzina la mtunduwo, mudzi wake ndi tsiku limene anabzala, jambulani chithunzi, mutumize ku kampani.

Katswiri wa ku Matopos kapena ku Chitedze sangayende m'munda uliwonse. Amene amayamba kuona kuti mtundu wayamba kufooka ndi mlimi wa mbewu amene akutembenuza masamba m'mamawa, ndi wogulitsa amene walandira dandaulo pa kauntala. HHB 67 inapulumuka chifukwa uthenga unafika mliri usanabuke. Ife ndife njira imene uthenga wotere uyenera kudzera nyengo ino.